Kandimverere wa pa bizinesi timuyeze ndi muyeso wanji?

Makolo athu adatisiyira mwambi wakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Iwo adaona kuti munthu wotumidwa kukamva nkhani m'malo mwa mnzake amabwerako ndi nkhani yopotoka, mwina chifukwa sadamvetse, mwinanso chifukwa akufuna kukondweretsa yemwe wamutumayo. Komatu masiku ano makampani akuluakulu a kunja amachita kulemba ntchito akandimverere otere, nawapatsa maofesi, makompyuta ndi malipiro onona, kuti tsiku ndi tsiku azifufuza zomwe makampani opikisana nawo akuchita: akupanga katundu wanji, akumugulitsa pa mtengo wanji, akulemba ntchito anthu odziwa chiyani, nanga chaka chamawa akufuna kulowera kuti.

Chaka chikamatha, mkulu wosunga chuma cha kampani amatsegula mabuku ake n'kufunsa funso lomwe limasowetsa mtendere anthu a ntchito imeneyi. Amati ogulitsa malonda abweretsa ndalama zakutizakuti, a kufakitale apanga katundu wochuluka mwakutimwakuti, nanga inu ofufuza za anzathu mwabweretsa chiyani? Funsoli ndi lachilungamo pakuti ndalama za kampani si zotola, ndipo zinthu zikathina ofesi yoyamba kutsekedwa imakhala yomwe yalephera kuliyankha.

Ine maganizo anga ndi akuti ambiri poyankha funsoli amayeza munthu wolakwika. Amawerenga malipoti omwe ofufuza alemba, amaona kunenepa kwa mafayelo, naiwala kuti nkhani ya mnzako wopikisana naye ilibe mtengo uliwonse ikadali papepala. Mtengo wake umabadwa tsiku lomwe yasintha zimene bwana adakonza kuchita. Tsono woyenera kuyamba kukwera pa sikelo si kandimverere ayi, koma khutu la bwana yemwe wamutumayo. Kuti awerengi muone chomwe ndikunena, tiyeni tipite ku Rochester, mzinda wa m'chigawo cha New York ku America, komwe kudabadwira makampani awiri otchuka, Kodak ndi Xerox. Onse awiri adauzidwa zoona nthawi ikadalipo, koma zotsatira zake zidasiyana kutalitali.

Lipoti loona lomwe silidapulumutse Kodak

Akuluakulu omwe adajambulitsapo kwa anyamata oyenda ndi kamera pakhosi akukumbukira bwino timabokosi tachikasu ta filimu ya Kodak. M'chaka cha 1976 kampaniyi inkagulitsa pafupifupi 90 peresenti ya filimu yonse yogulidwa ku America ndi 85 peresenti ya makamera. Phindu lenileni silidali pa kamera ayi, lidali pa filimu, mapepala a zithunzi ndi mankhwala otsukira, chifukwa munthu amagula kamera kamodzi koma filimu amangogulabe mpaka kukalamba.

M'chaka cha 1975 injiniya wachinyamata wa kampani yomweyi, Steve Sasson, adapanga kamera ya dijito, yojambula popanda filimu. Idali yolemera makilogalamu oposa atatu ndi theka ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa tepi ya kaseti. Mabwana sadatengeke nayo. Koma mu 1981 kampani ya Sony ya ku Japan itaonetsa kamera yake yopanda filimu yotchedwa Mavica, a Kodak adayamba kuda nkhawa ndipo ofesi yao yofufuza za msika idapatsidwa ntchito yoona ngati chinthu chimenechi chingadzaphe bizinesi yao. Ofesiyo inkatsogozedwa ndi a Vince Barabba, munthu yemwe adayendetsapo bungwe la boma la America loona za kalembera wa anthu. Sadali kandimverere wamba.

Lipoti lomwe lidatuluka lidanena zinthu ziwiri. Choyamba lidati n'zoona, kujambula kwa dijito kungathe kudzalowa m'malo mwa filimu. Chachiwiri lidati zimenezi sizichitika mawa, kampani ili ndi zaka pafupifupi khumi zoti ikonzekere. Tikayang'ana lero, lipotili lidalasa penipeni. Mabwana adamva zonse ziwiri, koma yomwe idawalowa mumtima ndi yachiwiriyo, yoti nthawi ikadalipo.

Tisanamizane, Kodak sidangokhala manja lende. Idathira ndalama zambiri pa kafukufuku wa dijito, mu 1991 idatulutsa kamera ya dijito ya akatswiri ojambula, ndipo cha m'ma 2005 inkatsogola pa malonda a makamera a dijito ku America. Vuto lidali lakuti nzeru zatsopanozo inkazigwiritsa ntchito pofuna kutalikitsa moyo wa filimu ndi wa zithunzi zotsuka. Mu 1996 idatulutsa Advantix, yomwe idadya madola oposa 500 miliyoni, koma mkati mwa kamerayo mudali filimu ndithu. Mu 2001 idagula Ofoto, malo a pa intaneti osungirapo zithunzi, koma cholinga chidali chakuti anthu azitsukitsa zithunzi zambiri. Mapeto ake kampani yomwe mu 1988 idali ndi antchito oposa 145,000 idakagwada kukhoti pa 19 Januwale 2012, kupempha kuti liiteteze kwa onse omwe idali nawo ngongole.

Nanga lipoti la a Barabba tiliike pa mtengo wanji? Tikaliyeza ndi choonadi, lidakhoza mayeso. Tikaliyeza ndi nthawi, lidafika m'bandakucha, kukadali zaka 30 kuti kampani igwe. Koma tikaliyeza ndi zomwe lidasintha, mtengo wake udali wochepa zedi.

Ena anganene kuti mabwana a Kodak tisawadzudzule, chifukwa palibe mlimi angazule fodya wokhwima m'munda pongomva kuti zaka khumi zikudzazo anthu adzaleka kusuta. Mfundoyi ndi yomveka. Komatu kampani ya Fujifilm ya ku Japan idaombedwa ndi chimphepo chomwecho. Malonda a filimu atayamba kutsika cha m'ma 2001, mtsogoleri wake Shigetaka Komori adatenga luso la mankhwala a filimu n'kulilowetsa m'zinthu zina monga zipangizo za m'chipatala, mapulasitiki opyapyala a pa magalasi a TV ndi makompyuta, mpaka mafuta odzola. Fujifilm idapulumuka. Nkhani adamva imodzi, adasiyana ndi makutu.

Xerox idameza mankhwala owawa

Xerox idatchuka ndi makina a fotokope otchedwa 914, omwe idatulutsa mu 1959, ndipo kwa zaka zambiri idalibe wolimbana naye weniweni. Koma m'zaka za m'ma 1970 makampani a ku Japan monga Canon, Ricoh ndi Minolta adayamba kugulitsa makina ang'onoang'ono otsika mtengo, makasitomala n'kuyamba kuthawa. Zikatere bwana aliyense amakhala ndi yankho lomutonthoza, loti anzathuwa akugulitsa moluza dala kuti alande msika, sakhalitsa atopa.

Mu 1979 a Xerox adaganiza zofufuza m'malo modzitonthoza. Adatenga makina a opikisana nawo, nawaphwasula kachidutswa ndi kachidutswa, kuwerengera mtengo wa chilichonse. Adatumizanso anthu ao ku Japan kukaona m'mene inkagwirira ntchito Fuji Xerox, kampani yomwe iwo adali ndi masheya mmenemo. Zomwe adapeza zidali zowawa: Ajapani ankagulitsa makina pa mtengo wofanana ndi ndalama zomwe Xerox inkaononga popanga makina otere, ndipo ankapezabe phindu. Sankaluza ayi, ankangodziwa ntchito.

Apa ndi pomwe Xerox idasiyana ndi Kodak. A David Kearns, omwe adatenga utsogoleri mu 1982, adavomereza kuti vuto lili m'nyumba mwao momwe. Kampani idasintha kapangidwe ka makina, idachepetsa makampani oigulitsa zipangizo kuchoka pa 5,000 kufika ochepera 500 kuti izitha kuwayang'anira bwino, ndipo idapita mpaka kwa L.L. Bean, kampani yogulitsa zovala ndi nsapato, kukaphunzira kalongedwe ka katundu mwamsanga m'nyumba zosungiramo katundu. Makasitomala ena adayamba kubwerera, ndipo mu 1989 Xerox idalandira mphotho ya Baldrige, yomwe boma la America limapereka kwa makampani ogwira ntchito mwaluso.

Phindu la kafukufuku wa Xerox lidatheka kuyezedwa chifukwa padali manambala a kale ndi a pambuyo: ndalama zopangira makina amodzi, kuchuluka kwa makina obwezedwa chifukwa choonongeka, miyezi yomwe inkadutsa kuti makina atsopano afike pa msika. Koma manambala onsewa adasuntha chifukwa bwana adameza mankhwala owawa. A Kearns akadatsekera lipoti m'kabati, kafukufuku yemweyo akadaoneka ngati kutaya ndalama.

N'chifukwa chiyani muyeso umavuta?

Ntchito yofufuza za opikisana nawo ili ngati ya mlonda wa usiku. Mlonda akagwira bwino ntchito yake palibe chimachitika, ndipo bwana wosaganiza amayamba kudandaula kuti akulipira munthu wongoothera moto. Katundu yemwe sadabedwe salembedwa m'buku lililonse. Chimodzimodzi fakitale yomwe kampani sidamange chifukwa idachenjezedwa kuti mnzao ali pafupi kutulutsa katundu woposa wao, ndalama zopulumukazo sizioneka pa tsamba lililonse la akauntanti.

Vuto lachiwiri ndi lakuti mutu umodzi susenza denga. Malonda akayenda bwino, otsatsa malonda amati ndi ife, a kufakitale amati ndi ife, bwana wamkulu amati ndi nzeru zanga, ndipo palibe mpeni wodulira gawo la wofufuza. Vuto lachitatu ndi nthawi: mabuku a kampani amatsekedwa chaka ndi chaka, pomwe chenjezo longa la Kodak limadzaoneka kulondola kwake ena mwa omwe adalimva atapuma kale pa ntchito.

Akatswiri ayesa kupeza njira. A Jan Herring, omwe adagwirapo ntchito ku bungwe la ukazitape la CIA ndipo m'zaka za m'ma 1980 adakhazikitsa ofesi yofufuza za opikisana nawo ku kampani ya Motorola, adalemba mu 1996 kuti phindu la ntchitoyi lingayezedwe pa zinthu zinayi: nthawi yomwe yapulumuka, ndalama zomwe zachepa pa zoonongedwa, ndalama zomwe zikadatayika koma zapewedwa, ndi ndalama zomwe zaonjezereka pa malonda. Miyeso imeneyi ndi yabwino, koma nkhawa yanga ndi yakuti kawirikawiri wolemba manambalawo amakhala mwini ofesi yemweyo, amene akufuna kuti chaka chamawa apatsidwenso ndalama. Munthu sungamufunse kuti adzichongere yekha mayeso.

Mfundo yomwe ine ndimaiona yolimba idafotokozedwa mu 1966 ndi a Ronald Howard a pa yunivesite ya Stanford. Mwachidule, nkhani ili ndi mtengo pokhapokha ngati ingathe kusintha chomwe munthu asankhe. Tiyerekeze mayi wa geni ya tomato ku Lizulu, amene m'mamawa ayenera kusankha kupita ndi madengu ake ku Lilongwe kapena ku Limbe. Waimbira foni mnzake wa mumsika wa Limbe, wamva kuti malole atatu a tomato afika kale usiku, iye n'kutembenukira ku Lilongwe. Phindu la foniyo ndi kusiyana kwa ndalama zomwe wapeza ku Lilongwe ndi zomwe akadapeza ku Limbe, kuchotsapo mayunitsi. Koma ngati adalipira kale lole ya ku Limbe ndipo sangasinthenso, nkhani yomweyo, yoona chimodzimodzi, yangomuonjezera nkhawa basi.

Kuti izi si nthano chabe, taonani zomwe zidachitika m'chigawo cha Kerala ku India. Pakati pa 1997 ndi 2001 mafoni a m'manja adafalikira m'mbali mwa nyanja kumeneko, ndipo asodzi adayamba kuimbira misika yosiyanasiyana akadali pamadzi kuti adziwe komwe anzao afika kale ndi nsomba zambiri. Katswiri wa zachuma Robert Jensen, m'kafukufuku yemwe adatuluka mu 2007, adapeza kuti nsomba zotayidwa chifukwa chosowa ogula, zomwe zinkafika pakati pa 5 ndi 8 peresenti, zidatheratu. Phindu la asodzi lidakwera ndi 8 peresenti pomwe mtengo kwa ogula udatsika ndi 4 peresenti. Adatha kuyeza chifukwa mafoni sadafike m'madera onse nthawi imodzi, choncho padali poyerekezera, komanso chifukwa msodzi amasankha tsiku lililonse ndipo zotsatira amaziona madzulo omwewo. Msodziyo adali kandimverere komanso bwana nthawi imodzi. Padalibe mlembi, manijala kapena komiti yoti ikometse nkhani panjira.

Nkhani yakuba imalipiridwa kawiri

Pali gulu lina la mabwana lomwe limaganiza kuti nkhani yamtengo wapatali ndi yokhayo yobedwa. Amenewa akamawerengera phindu amaiwala kulemba mbali inayo ya buku.

Mu 2001 zidaululika kuti anthu olembedwa ganyu ndi kampani ya Procter & Gamble ankafukula mabini a zinyalala a Unilever, eni ake a sopo wa Sunlight ndi Lifebuoy yemwe tonse timamudziwa, kufunafuna mapepala onena za malonda a mafuta ndi sopo wa tsitsi. Wapampando wa Procter & Gamble, a John Pepper, atamva adakaulula okha kwa a Unilever, antchito atatu adachotsedwa, ndipo nyuzi za nthawiyo zidati kampaniyo idalipira madola pafupifupi 10 miliyoni kuti nkhani ithe. Idalipira anthu okatola mapepala, idalipiranso chifukwa chowatola.

Mu Januwale 1993 kampani ya ndege ya British Airways idapepesa m'khoti ku London pa mlandu woipitsa mbiri ya Virgin Atlantic, yomwe inkadandaula kuti antchito a British Airways ankasuzumira za maulendo ake pa kompyuta ndi kunyengerera makasitomala ake. Idalipira mapaundi 500,000 kwa Richard Branson, mapaundi 110,000 kwa kampani yake, kuphatikizapo ndalama zankhaninkhani za maloya. Chaka chomwecho mkulu wina wa General Motors, José Ignacio López, adasamukira ku Volkswagen ndipo adaimbidwa mlandu wonyamula zikalata zachinsinsi. Pofuna kuthetsa nkhaniyo mu 1997, Volkswagen idalipira madola 100 miliyoni ndi kulonjeza kugula zipangizo za madola 1 biliyoni kwa General Motors.

Yerekezani ndi zomwe idachita Pepsi mu 2006. Mlembi wina wa ku Coca-Cola ndi anzake atafuna kuigulitsa zinsinsi, Pepsi idakauza Coca-Cola, apolisi a FBI adatchera msampha, ndipo mlembiyo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zitatu. Kaya a Pepsi adachita izi chifukwa cha umunthu kaya chifukwa choopa milandu, masamu ao adali olondola. Chomwe chidapulumutsa Xerox chidali makina omwe aliyense akadatha kugula, ndipo chomwe chidachenjeza Kodak chidali kamera yomwe Sony idaonetsa poyera pamaso pa atolankhani. Zambiri zofunika kudziwa sizikhala m'bini ya mnzako, zimakhala pabwalo, zimangosowa woziwerenga.

Phunziro lomwe Amalawi tidalipira kale

Wina angafunse kuti za ku Rochester zikutikhudza bwanji ife. Zikutikhudza chifukwa palibe mtundu wa anthu womwe ukudziwa bwino za akandimverere kuposa ife. Makolo athu amasimba kuti nthawi ya chipani chimodzi makutu a boma adali paliponse: apolisi a Special Branch, apayoniya, ayufi, ngakhale mnzako womwa naye mowa. Tikadayeza ukazitape umenewo ndi kuchuluka kwa malipoti, bwenzi utapambana mayeso onse. Koma pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi dziko lonse boma lisadaitseke, ndipo pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, kukana tambala wakuda. Makutu onse aja adalephera kupulumutsa chipani, chifukwa m'dziko lomwe wonena zoona amakagona ku Mikuyu, aliyense amaphunzira kukanena za m'maluwa.

Matenda omwewo ali m'makampani ndi m'maofesi athu ambiri. Bwana amakhala kumtunda, wogulitsa malonda yemwe amakumana ndi makasitomala tsiku lililonse amakhala kumunsi, ndipo pakati pao pali mzere wa anthu omwe ntchito yao ndi kusefa nkhani zoipa. Dalaivala wogawa katundu m'magolosale amadziwa mwezi wathunthu bwana asadadziwe kuti katundu wa anzao ndi amene akutha msanga pa shelefu, koma palibe amamufunsa, ndipo iye adaphunzira kalekale kuti wolankhulalankhula sakhalitsa pa ntchito. Safunsa adadya phula.

Chomvetsa chisoni n'chakuti lero zida zofufuzira mwachilungamo tili nazo, zomwe kale kudalibe pomwe Press ndi ADMARC zinkalamulira gawo lalikulu la chuma. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange udalandira kampani yoyamba, NICO, mu 1996, ndipo kampani iliyonse yolembetsa kumeneko imayenera kutulutsa lipoti la chuma chake chaka ndi chaka. TNM idalowa pa msikawu mu 2008, Airtel Malawi mu 2020, kotero aliyense wa awiriwa angathe kuwerenga mabuku a mnzake popanda kukwera mpanda. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Ufulu wolankhula womwe anthu adaumenyera mu 1993 ndi chuma cha bizinesinso, pakuti m'dziko lotseka pakamwa ngakhale wamalonda amayenda mumdima.

Kope la bwana

Tsono muyeso womwe ine ndikupereka sufuna kompyuta kapena katswiri wochokera kunja. Ukufuna kope limodzi ndi kulimba mtima, ndipo ungagwire ntchito ku banki yaikulu chimodzimodzi kwa mwini maminibasi atatu.

Choyamba, musadatume munthu kukafufuza, lembani m'kopemo chomwe mukufuna kusankha ndi chomwe mukadachita popanda kufufuza. Ngati palibe yankho lomwe lingakusintheni maganizo, sungani ndalama zanu, chifukwa chomwe mukufuna si nkhani ayi koma wokuombererani m'manja.

Chachiwiri, wofufuza anene zinthu zogwirika ndi tsiku lake. Kunena kuti mpikisano ukukula si kufufuza, aliyense anganene. Anene kuti anzathu atsitsa mtengo isadathe miyezi itatu, kapena atsegula sitolo m'tauni yakutiyakuti chaka chisadathe. Nthawiyo ikakwana tsegulani kope muone ngati adalasa. Pakutha pa zaka ziwiri mudzadziwa woyenera kumumvera ndi wongolongolola.

Chachitatu, werengani kuti ndi kangati m'chakacho pomwe opikisana nanu adakudzidzimutsani. Nthawi iliyonse funsani ngati m'kampani mwanu mudali munthu yemwe ankadziwa koma sadanene, kapena adanena koma sadamvedwe. Nambala imeneyi ikamatsika chaka ndi chaka, ndiye kuti mlonda wanu sakugona, ngakhale simudaone wakuba.

Chachinayi, lembani mtengo wonse, osati malipiro okha. Nkhani iliyonse yomwe simungakonde kufotokoza pamaso pa woweruza milandu kapena mtolankhani m'mene mudaipezera, muilembe ku mbali ya ngongole.

Chachisanu ndi cha bwana mwini wake, ndipo ndicho chachikulu. Pa malipoti onse omwe mudalandira chaka chino, ndi angati adakuuzani zomwe simudafune kumva? Pa amenewo, ndi angati adakusinthani maganizo? Nanga yemwe adabweretsa nkhani yowawayo ali kuti lero, adakwezedwa kapena adasamutsidwira ku nthambi yakutali? Ngati malipoti onse adagwirizana nanu, musanyade kuti ndinu wanzeru. Dziwani kuti anthu anu akukuopani, ndipo ndalama zonse zomwe mwaononga mwagula galasi lodziyang'anira.

Ndikudziwa kuti akauntanti ena sakhutira, adzati kope lotere silikutulutsa nambala imodzi ya makwacha yoti ilowe m'mabuku. N'zoona, silikutulutsa. Koma nambala yopeka ndi yoopsa kuposa kusowa nambala, chifukwa imaphunzitsa ofufuza kuthamangira tinkhani ting'onoting'ono tosavuta kuwerengera, n'kusiya chenjezo lalikulu lomwe phindu lake lidzaoneke patapita zaka khumi. Pomwe kusankha kumachitika kawirikawiri, monga pa mitengo ya katundu kapena pa matenda a boma ogulira zinthu, werengerani makwacha monga adachitira a Jensen. Pomwe kusankha kumabwera kamodzi pa zaka zambiri, yezani ngati chenjezo lidali loona, ngati lidafika msanga, ndi ngati lidamvedwa.

Nkhaniyi si ya mabwana okha. Kampani ikagwa chifukwa chosamva, mabwana amachoka ndi mapenshoni ao, koma olira ndi kalaliki, dalaivala, mlonda ndi mayi wogulitsa mandasi pa geti. Anthu a ku Rochester omwe adataya ntchito ku Kodak sadaone n'komwe lipoti la 1981, koma ndiwo adalipira mtengo wa kusamva kwa omwe adaliwerenga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Eni masheya, mabodi ndi mabungwe a apantchito m'dziko muno ali ndi ufulu wofunsa akuluakulu a makampani ao pa msonkhano wa pachaka kuti atchule chinthu chimodzi chokha chomwe adasintha chaka chatha chifukwa cha zomwe adamva za opikisana nawo. Bwana akayamba kukanda m'mutu, musathamangire kuchotsa kandimverere.